Magalasi a Nyenyezi ndi Chifuwa cha Bambo

Achemwali anga okondedwa,

Mwadzuka bwanji kumeneko, inu, alamu ndi ana? Bondo lanu lija lasiya kutupa? Za bambo sindikufunsa, chifukwa yankho munandipatsa kale pafoni, ndipo chimvereni mawu anu aja mtima wanga sunakhale pansi. Ine kuno m'thupi ndili bwino. Ndikudya, ndikupita kuntchito, koma ndikuyenda ngati munthu amene wasiya mphika pamoto n'kukiya chitseko.

Mudabwa kuona kalata, komanso envelopu yaikulu chonchi. Foni yandikanika. Ndikaimba, bambo akangomva kuti ndi Kamlomo wawo, amati mawu akudukaduka, kenako ndimamva foni ikuikidwa pa benchi, puleni n'kuyamba kupala thabwa. Netiweki ya kwathuko yaphunzira kudwala pokhapokha ndikatchula chipatala. Ndiye kalatayi muiwerengere pa windo la kukhitchini loyang'ana ku shedi yawo, ndipo muwerenge mokweza, ngati mukuwerengera ana. Adzanamizira kuti sakumva, mukuwadziwa. Ndime ino yokha muidumphe. Chimene ndaika pakati pa makatoni awiriwo musachitulutse mpaka nditakuuzani.

Ndibwereze zimene munandiuza, kuti ngati ndinamva molakwa mundikonze. Bambo akhala akukhosomola chiyambire nyengo yozizira, lamba amuboola bowo lina chifukwa thalauza likuvuka, ndipo munapeza kansalu ka magazi atakabisa m'chitini cha misomali. Adokotala atawapima anati akajambulidwe ekisireyi ya m'chifuwa. Alamu anawaperekeza, bambo anavula malaya bwinobwino n'kuima pamene anauzidwa. Koma ataona wojambulayo akuthawira kuseri kwa khoma, anavala malaya awo, mabatani mophonyetsa, n'kutuluka osatsazika. Panjira anauza alamu kuti mwana wawo amene amagwira ntchito ya ekisireyi anawauza ndi pakamwa pake kuti akayatsa makinawo, aliyense amakabisala kuseri kwa konkire. Akuti ngati eni ake amathawa, iwo ndani kuti aime pamenepo chifuwa chili pamtunda.

Mawu amenewo ndi anga, sindikana. Ndinawanena nditabwera kutchuthi, ndikudzitama pakhonde kuti ntchito yanga ndi yoopsa, kuti ana aja andione ngati msilikali. Sanandipatse dzina la Kamlomo pachabe. Ndinanena theka la nkhani, ndipo theka limenelo ndi limene lawatulutsa m'chipatala. Ndiloleni tsopano ndinene yonse, ngakhale italike.

Kunyumbako anthu amadziwa zoti ndimapanga magalasi, mpaka azakhali anandituma kalilole wa pa wadiropu. Athuwa simungadzionerepo nkhope. Ndi magalasi a telesikopu, makina oonera zakumwamba. Kuli nyenyezi zina, makamaka zimene zikufa kapena kuphulika, zotentha kwambiri moti kuwala kwake ndi kwa mtundu womwe uja wa kuchipatala, kosaoneka ndi maso. Kuwala kumeneko sikufika pansi pano, mpweya umakumeza kusanafike ndi pamitambo pomwe. N'chifukwa chake makinawo amayenera kukwezedwa pa roketi kuti akaonere kumwamba komweko.

Vuto lake ndi ili. Kuwala kwa dzuwa kukagunda kalilole kumabwerera, n'chifukwa chake mumadziona. Kwa ekisireyi sikutero. Kukagunda galasi maso ndi maso kumangolowa m'kati n'kuthera momwemo, ngakhale galasilo likhale losalala bwanji. Kumamvera pokhapokha kukafika chammbali kwambiri, mongokhudza pang'ono, monga kamwala kaphanthi kamene tinkaponya pamadzi kuti kadumphedumphe. Tsiku limene anandifotokozera zimenezi koyamba ndinaseka ndekha, chifukwa ndinakumbukira bambo akunyamula thabwa kumapeto, diso limodzi atatsinzina, akuliyang'ana chamchigonere moloza kukhomo. Thabwa lopanda vanishi, ukaliyang'ana motero, limanyezimira ngati lanyowa. Ndinali wamfupi moti ankachita kunditsitsira kuti nane ndione.

Ndiye magalasi athu amaoneka ngati ndowa zopanda pansi, zonyezimira m'kati, zoning'a pang'ono kumapeto. Kuwala kukalowa kumakhudza khoma la ndowayo n'kukhota pang'ono, kukhudzanso kachiwiri n'kukhotanso, kenako konse kumakakumana pamalo amodzi pamene pali kamera. Ndowa imodzi imagwira kuwala kochepa, choncho timazilowetsa ina m'kati mwa inzake, zambirimbiri, ngati mapoto anu a pa shelefu aja, kungoti athuwa sayenera kukhudzana.

Kapangidwe kake n'kamene kagawa anthu pantchito pano. Bwana wanga ndi mayi wina amene tinamupatsa dzina loti a Fumbi, chifukwa amadana ndi fumbi kuposa njoka. Tisanalowe m'chipinda chogwirira ntchito timavala ovololo yoyera, chipewa, chophimba pakamwa ndi magolovesi, ndipo mafuta odzola ngakhale sopo wonunkhira saloledwa. Mukanandiona mukanati ndayamba ya opaleshoni. A Fumbi amakhulupirira ndowa zathunthu. Amasalaza chikombole kwa miyezi, n'kuchikuta ndi golide wopyapyala, n'kuchimiza m'madzi a mankhwala mpaka chitsulo chitamera pamwamba pake ngati khungu. Akachiziziritsa, khungulo limavuka litatenga golide uja m'kati, ndowa yatheka. Zimalimba, koma zimalemera, ndipo roketi siikonda katundu wolemera.

Anzathu a chipinda cham'mwamba amati zimenezo n'zachikale. Iwo amadula timapale ta silikoni, chinthu chimene amapangira tizipangizo ta m'foni, tokhala ngati makadi a juga, makina n'kumatisanja kamodzi pamwamba pa kanzake. N'topepuka zedi, koma timafunika tambirimbiri, ndipo tonse tiyenera kuloza malo amodzi, kopanda kamodzi kochita zake. Palinso mkulu wina wa imvi amene amatenthetsa galasi lopyapyala mu uvuni mpaka litafewa n'kugona lokha pa chikombole. Nthawi ya chakudya magulu atatuwa amakhala matebulo osiyana ngati akazi a mitala. Amapatsana moni bwinobwino, koma aliyense akudikira kuyesa kumene kukubwera, kumene kudzaonetse kuti a ndani akwera kumwamba, a ndani atsala m'kabati.

Ntchito yanga ine ndi yomata. Ndowazo zimakhala pa chinthu chonga gudumu la njinga, ndipo ndimaika timadontho ta guluu pamene ndowa ikukhudza masipoko. Guluu akamauma amakoka. Ukachulutsa mbali imodzi, ndowa imapindika pang'ono kwambiri, pang'ono moti tsitsi ndi lonenepa, koma nyenyezi imatuluka yopakika ngati chithunzi chimene wojambula wagwedeza dzanja.

Sabata yatha, tsiku lotsatana ndi foni yanu ija, ndinaononga ndowa imodzi motero. A Fumbi sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangondigwira pamkono n'kunditulutsa panja. Pabenchi ya m'khonde anandifunsa kuti kwagwanji. Ndinalira, achemwali, chophimba pakamwa chili chivalire, mpaka chinanyowa. Nditawafotokozera ndinapempha kuti ndibwere kunyumba.

Anandiyankha mosabisa. Anati malo oyesera magalasi ndi amodzi, timachita kulandizana ndi magulu ena, ndipo nthawi yathu tinaidikira kuyambira chaka chatha. Omata tilipo awiri okha, ndikachoka ntchito ya gulu lonse iima. Koma anatinso ngati ndi nkhani ya moyo ndi imfa ndinene, andilola kunyamuka tsiku lomwelo, magalasi adzaona okha. Kenako anandifunsa kuti adokotala apeza chiyani m'chifuwamo. Ndiwauze chiyani? Mwina ndi chifuwa chachikulu, chimene chili ndi mankhwala ndipo anthu amachira. Mwina ndi utuchi wa zaka zonsezi. Mwina ndi china chimene sindikufuna kuchilemba. Popanda chithunzicho sindikudziwa ngati ndiyenera kuthamanga kapena kuyenda, ndipo kusadziwako n'kumene kukundidya.

Tsopano za khoma lija. Malo oyeserawo ndi paipi yaitali kwabasi, kuiyenda mpaka kumapeto umatopa. Amapopa mpweya wonse kuutulutsa, kumapeto kwina n'kuika kamakina kotulutsa ekisireyi, kuti kuwalako kuzifika pa magalasi athu ngati kwachokera ku nyenyezi yakutali. Kamakinako kakayaka m'mawa kamakhala chiyakire mpaka madzulo, sabata ndi sabata. N'zoona timakhala kuseri kwa khoma. Timatero chifukwa timakhalapo tsiku lililonse, chaka ndi chaka. Wojambula wa kuchipatala nayenso amajambula mzere wonse wa anthu, lero, mawa ndi mkuja, n'chifukwa chake amabisala. Wodwala amaima kamodzi, kwa kanthawi kosakwana kuphethira.

Bambo zimenezi akuzidziwa bwino kuposa ine. Kasitomala wobwera kudzatenga mpando wake mu shedi muja amapumako utuchi, koma sapita kwawo akukhosomola. Amene amakhosomola ndi mwini shedi, amene wakhalamo moyo wake wonse, amene amayi ankamuuza kuti amange kansalu pamphuno iye n'kumati kamamutsamwitsa. Ine khoma langa ndi kansalu kameneko basi.

Ndatchula amayi, ndiye ndimalize. Ndikudziwa kuti si mawu anga okha amene anawatulutsa m'chipinda chija. Amayi anajambulidwa pamalo omwe aja, ndipo mwezi usanathe tinawaika. Bambo sananenepo, koma ndikuganiza kuti mumtima mwawo zinthu ziwirizo anazimanga pamodzi. Tonse tinalipo, achemwali. Amayi anabisa ululu wawo chaka chathunthu, akumati ndi mphepo chabe, mpaka tsiku limene analephera kunyamula ndowa ya madzi. Chithunzi sichinawadwalitse. Chinangotiuza zimene zinali zitachitika kale, chifukwa tinapita nacho mochedwa. Sindikufuna kuti tichedwenso kachiwiri, m'nyumba yomweyo, ndi munthu yekhayo amene watitsalira.

Inunso ndikunenani pang'ono, musakwiye. Alamu anandiuza kuti atabwerako kuchipatala munaima pakhomo la shedi, manja m'chiuno, n'kuwauza bambo kuti ngati akufuna kufa ayambe kupala okha matabwa a bokosi lawo. Akuti iwo anayankha kuti matabwa abwino alipo kale, n'kukutsekerani chitseko. Inu ndi bambo ndinu amodzi, mukakumana maso ndi maso palibe chimabwerera, zonse zimangothera m'kati. Koma sindikukuweruzani. Ndinu amene mumamva chifuwacho kudzera pakhoma, ndinu amene munachapa kansalu kaja. Ine ndili kuno ndikumata guluu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya zonse za pakhomo pathu zagwera inu. Zikomo, achemwali, ndikunena kuchokera pansi pa mtima.

Tsopano tamvetserani kushediko. Ngati puleni yaima, kwezani mawu, ndipo zotsatirazi muwerenge monga ndalembera.

Bambo, ndine Kamlomo wanu. Ndikudziwa kuti mwamva zonse, ndipo mwazindikira kalekale kumene ndikulowera ndi nyenyezi zangazi. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Ndazungulira chonchi chifukwa ndikabwera molunjika mumandiikira foni pa benchi.

Munauza alamu kuti mwana wanu amabisala kuseri kwa khoma, ndiye inu simungaime patsogolo pa makinawo. Munanena zoona, sindinali nditaimapo posachedwa. Kuno akamationjezera chilolezo chokhalira m'dziko la enili amafuna chithunzi cha m'chifuwa. Changa chimafunika kumapeto kwa chaka, koma sindinadikire, ndapita sabata ino. Ndinavula bulauzi, anandipatsa kamwinjiro kopyapyala, ndinatsamiza chifuwa pa chitsulo chozizira, chibwano m'mwamba, manja m'chiuno ngati achemwali akamakalipa. Wojambulayo anati ndikoke mpweya ndiugwire, n'kupita kuseri kwa khoma lake.

Pamenepo ndinakumvetsani, bambo. Ine amene ndimadziwa zonse za makinawo, ndinachita mantha. Si makina amene anandiopsa, koma kusiyidwa ndekha m'chipinda, aliyense atachoka, ndikudikira kuti andiuze zimene zili m'kati mwanga. Ndinaganiza za amayi ataima pamalo ngati amenewo. Ndisanamalize n'kuopa komwe, wojambulayo anatulukira n'kunena kuti ndipume, zatha. Sindinamve kutentha, sindinamve kuwawa, ndinavala n'kukakwera basi kubwerera kuntchito. Masana ake ndinamata ndowa ina, ndipo a Fumbi ataiyeza anangogwedeza mutu kuti ili bwino.

Kuchipatala kuja ndinawachonderera kuti andipatse chithunzicho chogwirika ndi manja, osati cha pa kompyuta chokha. Anadabwa, koma anandipatsa. Achemwali, tulutsani tsopano chimene chili pakati pa makatonicho, muwapatsire pa windo.

Bambo, pukutani manja, muchigwire m'mphepete, muchilozetse kukhomo kumene kukuchokera kuwala, monga muchitira ndi thabwa. Chifuwa cha mwana wanu ndi chimenecho. Muwerenge nthitizo ngati zakwana. Ngati mukuganiza kuti ndakutumizirani cha munthu wina, yang'anani m'mwamba, fupa lopingasa la paphewa, mbali imodzi muona kamfundo. Mukukumbukira tsiku limene ndinakwera mulu wa matabwa mutandiletsa, n'kugwa nawo? Munandinyamula kuthamanga nane kuchipatala pensulo ili kukhutu, ndipo njira yonse munkandikalipira uku misozi ikutsika. Tsiku limenelo simunandifunse ngati ndikufuna kupita kapena ayi. Adokotala a kuno atakaona kamfundoko anati amene anandisamalira anachita bwino, fupa linagwirana molimba.

Ine sindingathe kukunyamulani monga munandinyamulira. Ndili kutali, komanso simungalole. Ndiye ndikupempha chinthu chimodzi chokha, ndipo sindinakupempheni kanthu chichokereni pakhomopo. Pitani mukajambulitse, sabata ino, osadikira kuti mumalize kaye zitseko za anthu. Alamu akaima pakhomo penipeni pa chipindacho, achemwali akalonjeza kukhala chete njira yonse, ngakhale ndikudziwa kuti zimenezo ziwavuta kuposa bondo. Zimene zikapezeke tikazisenza tonse. Adokotala akakati ndi za mankhwala, ndimaliza kuyesa magalasiwa ndibwere ndidzakuvutitseni ndi mlomo wangawu mwezi wathunthu. Akakati n'zina, ndivula magolovesi tsiku lomwelo, nyenyezi zidikire, zakhala zikudikira kuyambira kale. Koma musandisiye ndikungolota, bambo. Ndikuopa. Ndikuopa kwambiri.

Achemwali, mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti kuleza mtima kwawo ndakuona ndipo sindidzaiwala. Moni kwa azakhali, muwauze kuti kalilole wawo ndidzawagulira wa m'sitolo, wanga angawaonetse denga lokha. Moni kwa amalume ndi banja lonse, kwa asuweni a kuseri, ndi kwa ana anu onse, makamaka wamkuluyo, muwauze kuti amayi awo aang'ono si msilikali ayi, amangomata guluu. Bambo akakatuluka m'chipinda chojambuliracho mundiimbire nthawi yomweyo, ngakhale ndili m'kati mwa ntchito. A Fumbi alola kuti foni yanga izikhala pa tebulo lawo, ikalira andiitana.

Makatoni awiriwo ndi envelopu yaikuluyi musazitaye, ndipo ana asaseweretse. Changacho chitsale kwa bambo, achikhome pamene angafune. Makatoniwo abwerere kuno, ndipo asabwere opanda kanthu. Bambo, ine ndakutumizirani chifuwa changa. Mundibwezere chanu.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Kamlomo